Mawu a Kumimba kwa Kabogi

Loweruka lapitali tinachita mapemphero okumbukira kuti patha chaka chimwalirireni apongozi anga, a Mbalule. Anthu a kumpingo anadzaza pabalaza mpaka pamasitepe, ena atavala yunifomu ya kuchipatala mkati mwa majekete, kuti akangoti ameni athamangire shifiti. Mkulu wa mpingo wina, munthu wabwino ndithu, anaimirira nanena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wosakonda zokangana, amene anathera ukalamba wake akusangalala ndi zidole. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinalowa kukhitchini n'kukatsuka makapu otsukatsuka kale, chifukwa ndikanakhala pamenepo ndikanayankha. Ofatsa a Mbalule? Munthu amene anakangana ndi ine, ndi mwana wake, ndi dokotala wa maso, ndi holo yathunthu ya azungu ku Leeds? Ndipo liwu lakuti zidole akanalimva, akanadzuka ku Nkaya konkuja kumene tinakawaika.

Ine ndine mkamwini wawo. Mkazi wanga Esnala ndi namwino kuno ku Bradford, ndipo ndi iye anaitanitsa bambo akewa, mayi ake atamwalira. Kwathu mkamwini ndiye amakakhala kwa eni. Kuno zinatembenuka, apongozi ndiwo anabwera pakhomo panga, m'nyumba ya masitepe opapatiza moti anthu awiri sangapatukirane. Ulemu wopewana uja unafera pamasitepe pomwepo. Tsiku lina nditawaona akutsika ndinabwerera chafutambuyo, iwo n'kundiuza kuti, “A mkamwini, ingodutsani. Kuno kulibe tchire lopatukirako.”

Unyamata wawo wonse anauthera ku shedi ya sitima ku Limbe, kupenta mabogi ndi kulembapo manambala ndi mayina a malo. Anali amanzere. Kusukulu anawakwapula mpaka pensulo inasamukira kumanja, koma burashi inakana. Ndiye kuti dzanja lisafufute penti wosauma, mawu aliwonse ankawayambira kumapeto kubwerera kumayambiriro. SALIMA ankamuyamba ndi A womaliza, kenaka M, mpaka kudzathera pa S. Munthu ukamawaonerera mutu unkazungulira. Iwo ankati amene wadziwa kothera sasowa poyambira, ndipo ankanena zimenezi pa chilichonse, ngakhale pa nkhani ya ukwati wa anthu ena umene sanafunsidwe.

Za timabogi zinayamba mwangozi. Tinapita nawo ku msika uja anthu amagulitsa zakale zawo m'mabuti a galimoto, ife tikusaka mapoto. Iwo anatola kabogi ka sitima ka malata, kakang'ono kokwana pachikhatho, kadzimbiri kokhakokha. Esnala anawauza kuti asiye zinyalala. Anagula. Patapita masabata angapo kanatuluka m'chipinda cha pansi pa nyumba, chomwe kuno amati sela, kakuwala, kali ndi mizere yagolide yopyapyala ngati ulusi. Ine ndi amene ndinakajambula n'kukaonetsa anthu pa intaneti, ndipo ndi mmene Kevin anatipezera.

Kuno kuli madala amene moyo wawo wonse uli pa tisitima ta malata topangidwa nkhondo yaikulu isanayambe. Timabogi tina n'tosavuta kupeza. Tina tinatsala towerengeka, monga kabuluu kolembedwa dzina la kampani ya mabisiketi imene inatha kalekale, ndipo munthu akhoza kukasaka mpaka imvi. Ndiye amene alephera kupeza kenikeni amagula kabogi wamba, kopalidwa n'kupentedwanso kuti kafanane ndi kosowako. Si kuba, bola wogulayo auzidwe. Kevin, mzungu wa mimba yaikulu ndi vani yoyera, ankagulitsa zoterezi m'misika ya osunga zakale. Ankabweretsa timabogi tadzimbiri m'katoni pamodzi ndi zithunzi, apongozi n'kutiveka zovala za eni.

Ntchito yake sindinaikonde, ndinene poyera. Nyumba yonse inkanunkha mankhwala osungunulira penti. Tizikho todyera mazira tinatha, tonse tinasanduka mosakanizira utoto. Tsiku lina Esnala anatsegula uvuni kuti aikemo nkhuku n'kupeza timabogi tili ndondondo pa thireyi, tikuuma. Anakuwa kuti, “Adadi, iyi ndi oveni, si wekishopu,” iwo n'kuyankha kuti nkhuku ikhoza kudikira koma penti sadikira. Kuwala kwa dzuwa la kuno ankati n'kwabodza, ndiye nyengo yozizira ankatha sabata osagwira burashi, Kevin akuimba foni kwa ine ngati ndine ndagwira dzuwa. Kabogi kotha bwinobwino, koti munthu aliyense akanalandira ndi manja awiri, ankakapalanso konse chifukwa chofiira chake akuti chinali cha tomato m'malo mwa cha njerwa. Ukawafunsa kuti ndani angaone kusiyanako, ankati iwo aona kale.

Koma chimene tinakanganirana kwambiri chinali cha kumimba. Kabogi kalikonse kakatha, ankakagoneka chagada, mawilo m'mwamba, n'kulemba kumimba kwake ndi penti woyera, tizilembo tating'ono ngati nyerere: SINDINE. Kuyambira pa E, monga mwa nthawi zonse.

Kevin atafunsa ngati limenelo linali dzina la fakitale, anamuyankha m'Chingerezi chawo chakale cha kunjanji kuti ayi, ndi kabogiko kakulankhula. Kakuuza aliyense wokatembenuza kuti amene mukumufunayo si ine, ndangobwereka malaya ake. Kevin anaseka, nati anthu safuna kuona zolembalemba kunsi. Iwo anati amene safuna akapentetse kwina.

Ine ndinkaona kuti n'kudzitaya. Munthu wa luso lotere, dzina lake osaoneka paliponse? Ndinawachonderera kangapo.

“Bambo, lembani Mbalule. Anthu adziwe kuti ntchito iyi ndi ya ndani. Mawa mudzakhala ndi makasitomala anuanu, osadalira Kevin.”

“Mbalule ndiye anapanga kabogika?”

“Ayi, koma mwapenta ndinu.”

“Ndaveka. Telala akasoka suti salemba dzina lake pamphumi pa wovala.”

“Nanga sindine ndi mawu ati? Amenewo ndi a mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa.”

“Mwana amanena ponama. Aka kakunena zoona. Musiyanitse, a mkamwini.”

Pamenepo nkhani inkathera, chifukwa akafika pa “musiyanitse” ankatembenukira kukhoma n'kuyamba kutsuka burashi. Burashi ndiye ankaisamala kuposa thupi lawo. Akamaliza ntchito ankaitsuka, kuipukuta, kuisongola ndi milomo, n'kuiimika m'botolo la jamu. Mankhwala a mtima ankaiwala kumwa, koma burashi sinagonepo ndi penti.

Tsiku la ku Leeds ndimalikumbukira ndi mkwiyo mpaka lero. Unali msika waukulu wa tisitima, m'holo ya masewera, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze akaone ntchito za anzawo. Anavala suti yawo ya ku tchalitchi. Munali matebulo mizeremizere, madala a zipewa ndi magalasi atawerama, fungo la tiyi ndi malata akale. Akuda tinalimo awiri okha. Iwo sizinawakhudze, ankangoyenda manja kumbuyo ngati woyang'anira, apa kugwedeza mutu, apa kutsonya.

Chakumapeto kunali mdala wina dzina lake Arthur, amene kale ankayendetsa basi. Sankagulitsa, ankangoonetsa zimene anasonkhanitsa moyo wake wonse. Pakati pa tebulo lake panali kabokosi kagalasi, mkati mwake kabuluu ka mabisiketi kaja. Ataona apongozi akukayang'anitsitsa anasangalala, nayamba kufotokoza. Bambo ake anali nako kotereka iye ali mwana, kanasowa posamuka, ndipo wakhala akukasaka kuyambira ali mnyamata. Chaka chathachi ndiye Kevin anamupezera kenikeni, kosakhudzidwa ndi burashi ya munthu. Polankhula maso ake ananyowa.

Nditamva dzina la Kevin ndinakayang'anitsitsanso kabogiko. Apongozi anapempha mwaulemu kuti akagwire. Arthur anatsegula kabokosiko ndi kakiyi ka m'khosi mwake. Iwo anakalandira ndi manja awiri, n'kukatembenuza. Kumimba kunali kopalidwa, kopakidwa zakuda kuti kuoneke ngati dzimbiri lakale. Analoza ndi chikhadabo pamene panali mawu aja.

Ndinawakoka jekete, n'kuwanong'oneza. “Bambo, tiyeni. Kwa eni kulibe mkuwe. Tikakambirana ndi Kevin kunja.”

“Ndiye mdalayu apite kwawo ndi bodza langa m'galasi?”

“Si bodza lanu. Wapala ndi Kevin.”

“Penti ndi wanga.”

Anatembenukira kwa Arthur namuuza m'Chingerezi chomveka bwino kuti pepani bambo, aka si kenikeni. Ndinakapenta ine, m'chipinda cha pansi ku Bradford, ndipo ndinalemba kumimba kuti si iko, koma wina wafufuta.

Ine ndinkaganiza kuti munthu akauzidwa zoterezi amathokoza, kapena amakwiyira amene wamubera. Arthur anafiira nkhope mpaka m'makutu. Anati bwezani kuno. Iwo anabweza, koma sanasiye kulankhula. Anamuonetsa mmene zilembo zinapendekera pang'ono chakumbuyo, monga zimachitira za wamanzere. Anthu anayamba kuunjikana. Wina anakaitana Kevin, amene anali ndi tebulo lake mbali ina ya holoyo.

Kevin anabwera akupukuta manja, osatekeseka n'komwe. Anati inde, mdalayu ndimamudziwa, amandipentera tina n'tina, koma wakalamba, amasokoneza. Kabuluuka ndinakagula kwa banja lina la ofedwa. Anthu anayang'ana apongozi, suti yakale, Chingerezi chachilendo. Anayang'ana Kevin, amene amwa naye tiyi zaka zambiri. Sipanafunike woweruza.

Apa ndi pamene apongozi anachita chimene sindidzawakhululukira, ngakhale ndikudziwa kuti sakanachitira mwina. Pofuna kuonetsa kuti sakusokoneza, anatola mbale ya pepala imene wina anadyerapo keke, natulutsa cholembera m'thumba. Ndi dzanja lamanzere, kuyambira kumapeto, analemba dzina la kampani ya mabisiketi lija, kupindika kulikonse monga momwe linalili pa kabogipo. Ine ndinati basi, tsopano aona.

Anaonadi. Munthu wina kumbuyo anati, ndiye wopanga zabodza uja ndi ameneyu. Kevin anangogwira pomwepo. Anakweza manja nati ngati kalidi konama, ndiye kuti nayenso wapusitsidwa, chifukwa ndani angadziwe zimene mdalayu amatulutsa m'sela mwake n'kupatsira anthu ena kuti azigulitsa? Mbale ya keke inayenda m'manja mwa anthu ngati umboni wa kukhothi. Woyang'anira msika anabwera ndi ulemu wa kuno uja wopweteka kuposa mbama, natipempha kuti mwina zingakhale bwino titapita. Pamene tinkatuluka ndinacheuka. Arthur anali akutseka kabokosi kake ndi kiyi, kabogi kali mkati, pamalo pake pomwe paja.

M'galimoto ndinalephera kudzigwira. Ndinawafunsa kuti apindula chiyani. Kevin sabweretsanso ntchito, dzina lawo laipa, ndipo mdala amene ankamumvera chisoni uja sanafune n'komwe kumva. Titatuluka mu Leeds anati, “Buluu uja ndinamuchepetsa. M'galasi muja ndaona. Pankafunika kadontho kakuda.”

Ndinatsala pang'ono kuimitsa galimoto kuti atsike.

Kevin sanabwerenso, ndipo ena awiri atatu amene anali atayamba kubweretsa timabogi tawo anasiya. M'magulu a osunga tisitima munayenda mbiri ya mdala wa ku Africa wopanga zachinyengo ku Bradford. Dzina sankalidziwa, n'chokhacho chimene kukana kwawo kulemba Mbalule kunatipulumutsa nacho, ndipo iwo sanalephere kundikumbutsa. Za tsikulo sanadandaulepo. Ankangoti penti amabisa dzimbiri koma salichiza, ndipo amene wapaka ayenera kunena chimene chili pansi. Chimene chinkawapweteka, ndikuganiza, n'chakuti Arthur sanawayang'ane kumaso. Nthawi zina pakudya ankangoti, “Mdala wa basi uja kaya ali bwanji,” n'kupitiriza kudya.

Wina akanataya maburashi. Iwo anatsikirabe kusela m'mawa uliwonse, maso akuchita nkhungu, dokotala akuwaletsa fungo la mankhwala, iwo akuti dokotalayo ndi mwana wa dzulo. Popeza panalibe wowatuma, anadzituma okha. Anatenga timabogi tiwiri totsala m'katoni ya Kevin, kutidula, kutilumikiza, kuboola mawindo. Ankapanga bogi la anthu wamba la sitima ya kwathu, ija inkachoka ku Limbe kudzera ku Nkaya, la mabenchi a matabwa, limene anthu ankakwera ndi nkhuku ndi mitolo ya nzimbe. Kotereka palibe fakitale inapangapo. Chithunzi analibe, zonse ankazitenga m'mutu. Mtundu wake anausakaniza n'kuutaya kambirimbiri, ndipo mdala wina wa ku Zambia wa kumpingo kwathu atanena kuti akukumbukira mtundu wina, anakangana mpaka tiyi anazizira.

Ine ndinaona mpata wowapanikiza. Ndinatsika kusela tsiku lina n'kuima pakhomo.

“Bambo, aka ndiye mulemba chiyani kumimba? Kalibe mwini woti kabwereke malaya ake. Kenikeni ndi komweka.”

Sanacheuke. “Kenikeni kanali kakakulu, a mkamwini. Munkalowa anthu.”

“Chimenecho chinali chibogi. Kakang'ono kotere ndi koyamba padziko lonse. Sindine sangagwirepo apa.”

“Ntchito yosatha saonetsa mkamwini. Kakauma muona.”

Sindinaone ali moyo. M'mawa wina anakwera kuchokera kusela atagwira pachifuwa, nakhala pa sitepe yomaliza, napempha madzi. Esnala anali atangofika kuchokera ku shifiti, ndipo atangowayang'ana anaimba ambulansi. Anagonekedwa m'chipatala chomwe mwana wawo amagwira ntchito. Kunyumba sanabwerenso.

Zimene zachitika chimwalirireni ndi zimene zimandiwawa koposa. Timabogi tawo takale, tija Kevin sanatipale, tayamba kutchuka. Osunga tisitima anazindikira kuti tolembedwa mawu achilendo kumimba n'topentedwa bwino kuposa tina tonse, ndipo tsopano amatisaka dala. Amati ndi ntchito ya munthu wotchedwa Sindine. Ena akuti anali wa ku Italy, ena akuti anali mayi wa ku Belgium. Ndipo popeza chinthu chikasowa pamabwera akathyali, pali anthu amene ayamba kupenta timabogi tawo mwachisawawa n'kulemba kumimba mawu omwewo kuti tigulidwe. Ndinaona kena pa intaneti kolembedwa SINDINI, zilembo zowongoka za wamanja. Mawu amene apongozi anawaika kuti atseke bodza, lero ndi amene akuberedwa ponamizira. Ndinalemba m'gulu lawo lina kufotokoza kuti Sindine si dzina, ndi Chichewa, ndipo mwini ntchitoyo anali a Mbalule a ku Nkaya, omwe aja munawatulutsa m'holo ku Leeds. Anandifunsa ngati ndili ndi kabogi kolembedwa dzina limenelo. Ndilitenga kuti? Ndinatseka foni, n'kuwakalipira apongozi mumtima ngati ali pamasitepe.

Kusela sitinasunthe kanthu. Esnala anagula makina oumitsira zovala oti tikaike kumeneko, koma akadali m'katoni pakhonde, tonse timawalambalala. Fungo la mankhwala likutha, likubwera la chinyontho. Mpando wawo uli pomwe anausiya, wopendekera kumanzere, ndi khushoni yophwatalala. Tizikho ta mazira tili pa shelefu, muli utoto wouma wong'aluka. Magalasi awo ali pa nyuzipepala.

Pakati pa tebulo, pa kansalu, kabogi ka kwathu kagona chagada, mawilo m'mwamba. Kumimba kwake kuli zilembo zoyera, zopendekera chakumbuyo: NDINE.

Esnala akuti adadi ake anavomera pomaliza. Umboni wake ndi burashi. Inapezeka yotsukidwa, yosongoledwa, yoimikidwa m'botolo la jamu, ndipo chitini cha penti woyera chinali chotseka. Munthu amene mtima wamugwira ntchito ili pakati satsuka burashi. Ine ndikufuna kuti zikhale choncho, ndinalimbana nawo zaka zonsezi kuti anene mawu amenewo. Koma ndimawadziwa. Anali munthu woti akhoza kutsuka burashi kaye, imfa ikudikira pakhomo. Ndipo munthu amene analemba mabogi moyo wake wonse sasiya mawu atatsamira mbali imodzi. Awa atsamira kumanja. Kumanzere kwa N, kumene dzanja lawo linkalowera, kwatsala mpata wokwana S ndi I ndendende.

Takanganapo ndi mkazi wanga mpaka tatopa. Mpatawo ukadali pomwepo, ndipo m'nyumba muno mulibe wamanzere.